Chitini cha Ada Longwe

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, Ada Longwe. Patha chaka chiwaikireni m'manda. Mbiri yawo anawerenga ndi mwana wawo wamkulu, ndipo zonse zimene anawerenga zinali zoona: anabadwira konkuno kumtunda kwa Kande, anabatizidwa ku Bandawe, anagwira ntchito zaka zambiri ku Zambia, anali mkulu wa mpingo, asiya ana asanu ndi adzukulu ambirimbiri. Za nsomba anangodutsapo ndi mzere umodzi, kuti malemuwa anayesako ulimi wa milamba. A Kamanga, amene anakhala pa benchi ya kutsogolo, anatsokomola. Amayi awiri anagwedezana ndi zigongono. Ine ndinayang'ana pansi mpaka pemphero lomaliza, chifukwa chimene anthu aja ankakumbukira, chaka chija milamba inakana kuswa, mwini wake ndine.

Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, ndiye pamene cholembera chapunthwa mundikhululukire. Kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinabwera kuno matipate atangoyamba, maloji akuphuka m'mbali mwa nyanja, n'kupeza ntchito yotsuka mbale pa loji ina. Ndinakwatiwa ndi mwana wawo wachitatu, amene masiku ambiri amakhala ku Joni. Kwathu ndine Naphiri, koma Ada anandisandutsa NyaPhiri tsiku loyamba lomwe. Ataona kuti Chitonga changa n'chongogulira tomato pamsika, anayamba kundiyankhula m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, ndipo sanandisekepo ngakhale kamodzi. Za ine zikwane pomwepa.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mopondaponda ngati pansi pakuterera ngakhale pouma. Jombo zawo za mphira anabwera nazo kuchokera ku Zambia, ndipo ankazimata ndi chubu cha njinga mpaka zigamba zinachuluka kuposa jombo. Kumeneko analembedwa ntchito yodula udzu pa famu ina yokhala ndi maiwe a nsomba. Anachokako akudziwa kugwira mlamba pamimba n'kunena ngati mazira akhwima kapena ayi.

Atabwerera kumudzi anakumba maiwe atatu kudambo, kumunsi kwa minda ya chinangwa, pamene kamtsinje kochokera kumapiri sikaphwa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Munthu wobadwira pamchenga, nyanja ili pompa, n'kumaweta nsomba za m'matope!

"Ada, mwe wuli? Achule anu a ndevu adzuka bwanji?" ankatero asodzi akakumana nawo pamsewu.

"Adzuka bwino, akupereka moni. Ati mwera ukayamba mubwere ndi mbale zazikulu, musachite manyazi."

Mwera ukaomba masabata awiri, mabwato ali chigonere pamchenga, ankabweradi. Ena ankadzera kuseri kwa nthochi kuti anzawo asawaone. Ada ankawapatsa nsomba osawakumbutsa za achule, kungowafunsa ngati mbale yakwana.

Maiwe awiri anali a nsomba zodya. Lachitatu linali laling'ono, lotchingidwa ndi bango, chitseko chake chomangidwa ndi waya, ndipo limeneli ankalitcha dziwe la makolo. Munkakhala milamba yaikazi isanu ndi itatu ndi yaimuna inayi. Imeneyi sinali ndiwo. Ntchito yake inali kuikira mazira mvula ikagwa, kuti papezeke mbewu, tiana ta nsomba tokaika m'maiwe ena. Waukulu pa yonse unali ndi ndevu imodzi yoduka, katumbu anauphonya, ndipo anautcha NyaNdevu. Wina wolanda anzake chakudya ankautcha dzina la apongozi anga aakazi, NyaManda, koma pokhapokha eni dzina akakhala kutali.

Nsomba zodya ankaziponyera chilichonse, gaga, chigwada, zotsala za m'mbale. Makolo ayi. Ankapita kunyanja ndi tsache kukasesa zinyenyeswa pansi pa mathandala oyanikapo usipa, mkulu wa mpingo ali chogwada pamchenga, asodzi akumuseka. Ankakazinga soya mpaka fungo la uwisi litachoka, n'kumusinja, kumusakaniza ndi usipa uja, gaga pang'ono, ndi kaufa ka kondowole kongogwirizitsa. Kenako ankaumba timibulu tonga nandolo n'kutiyanika. Masiku ena ankawonjezera chiswe cha pachulu, nyongolotsi, kapena matumbo a nkhuku owiritsa.

Muyeso wake unali chitini cha mkaka waufa chimene anachidula pakati, n'kupinda m'mphepete kuti chisacheke zala. Chimodzi m'mawa, chimodzi dzuwa likapendeka, chosalaza ndi chala, pa ngodya yomweyomweyo. Ankagogoda katatu pa mtengo wa mpanda, madzi n'kuyamba kuwira ndi mitu yakuda. Akathira ankakhala pamwala wawo n'kung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Ndime yachiwiri ikatha chakudya chikadali pamwamba pa madzi, mawa lake ankachepetsa. Mu Juni, madzi akazizira, ankathira theka, ati nsomba zikamva kuzizira sizidya ndipo chotsalacho chimangowoletsa madzi. Kukatsala masiku awiri kuti aziike poswera, sankazipatsa kanthu n'komwe.

Ankanena kawirikawiri kuti mlamba sudziwa kukhuta, ndiye mwini dziwe ayenera kuudziwira. Ankanenanso kuti mimba ya nsomba yaikazi ili ngati nyumba ya chipinda chimodzi, mafuta akalowamo mazira amasowa pogona. Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri ndi makutu angawa. Ndisadzanene kuti sindinkadziwa.

Ndi NyaManda ankakangana chaka chilichonse pa nkhani ya soya.

"Ana adya chigwada masiku atatu, inu mukukazingira soya ana anu a m'matope!"

"Ama, awa akaswa mudya nsomba chaka chonse."

"Ndidzadya ndili kumanda. Bwanji osakagona komweko, akufunditseni ndevu?"

Ada ankangopitiriza kutakasa soya m'phale. Madzulo ake mumapeza NyaManda yemweyo akuwapetera gaga, akulalata chapansipansi. Ada anakanganaponso ndi alangizi a nsomba, bambo wa ku Lilongwe amene anabwera pa njinga yamoto ndi thumba la chakudya cha kufakitale. Ada anatapa kambulu kamodzi, kukanunkhiza, kukatafuna pamaso pa anthu, n'kufunsa ngati n'chakudya cha nsomba yopita pa mbale kapena ya nsomba yopita kukabereka. Alangizi anati nsomba ndi nsomba. Ada anawabwezera thumba lawo mwaulemu, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Patapita nthawi, alangizi omwewo ndiwo ankatumiza anthu kuti akaone dziwe la makolo.

Pali Lamulungu lina la mgonero limene anthu achikulire akulikumbukirabe. Ada, amene zaka zonse ankanyamula mbale ya mkate, tsiku limenelo anakakhala pa benchi ya kumbuyo pamodzi ndi osabatizidwa, manja ali pa maondo. Abusa anawakodola, iwo anapukusa mutu. Anthu ananong'onezana kuti chikumbumtima chawagwira pa nkhani ya soya wa gulu. Ine tsiku limenelo ndinadya mkate, ndinamwa chikho, ndinaimba nawo. Ambuye andichitire chifundo. Ndibwerere m'mbuyo kuti mumve chimene chinawakhazika kumbuyoko.

Chaka chimenecho mabanja asanu ndi anayi anapangana kuyamba gulu. Aliyense akumbe dziwe lake m'chilimwe, azibweretsa mbale ya soya mwezi ndi mwezi yodyetsera makolo, mvula ikagwa alandire mbewu kwa Ada. A Kamanga, amene anali ndi kagolosale pamsewu, anasankhidwa kukhala wapampando. Munalinso NyaMhone, mayi wamasiye wolera adzukulu atatu. Amene uja analibe womukumbira. Anakumba yekha ndi khasu, dothi akutuluka nalo pa beseni, miyezi iwiri yathunthu, mpaka manja anachita matuza moti kutchalitchi analeka kuomba m'manja.

Mu Ogasiti, ng'ala imene inkawavuta Ada inafika poti sankazindikira munthu ali pakhomo. Mwana wawo wa ku Mzuzu anabwera kudzawatenga kuti akachitidwe opaleshoni, diso limodzi kaye, lina pambuyo pake, ndipo NyaManda anapita nawo kukawasamalira. Tsiku loti anyamuka mawa anandiitanira kudambo. Ndinagwada chapatali monga mkamwana, mkazi wa mwana wawo. Iwo anaika chitini pansi, n'kubwerera m'mbuyo kuti ndichitole.

"NyaPhiri, ana anga onse ali kutali. Mwana amene alipo ndinu. M'mawa chimodzi, dzuwa likapendeka chimodzi. Akapempha china muwauze kuti Ada akana."

"Ndamva, Ada."

"Adzakuyang'anani ngati ana amasiye. Ndi abodza amenewa. Musawamvere."

Ndinaseka, n'kulonjeza.

Masabata awiri oyamba ndinasunga lonjezo. Koma nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa mwana wanga wachinayi, ndipo aliyense ankandikakamiza kudya. Anzanga a kukhitchini ankandisungira chiwindi, amayi a kutchalitchi ankandibweretsera nthochi. Ndikafika kudambo n'kuthira kachitini kaja, kanthawi kochepa chakudya chatha, milamba n'kutsala ikuyasama pamwamba pa madzi, ndevu zili balala, ikundiyang'ana. Mumtima ndinati, awa ndi azimayi anzanga, anyamula ana m'mimba ngati ine. Ada ndi mwamuna, sanamvepo njala ya munthu wapakati. Za chipinda chimodzi zija ndinaziyesa nkhani za munthu wouma manja.

Ku loji zotsala za alendo zinkathiridwa m'ndowa, wofuna ankatenga kukapatsa nkhumba kapena agalu. Ndinayamba kutenga. Mpunga wonyezimira mafuta, tchipisi, zikopa za nkhuku yokazinga, nyenyeswa za buledi wopaka majarini. Ndikaweruka masana ndinkakwera nazo pamutu mpaka kudambo, ndikathira chitini cha Ada, n'kukhuthula ndowa yanga pamwamba. Madzi ankachita kubwatamuka. Ndipo inu, ndinkapemphera pothirapo, kuthokoza Mulungu kuti chakudya sichinatayike. Miyezi itatu ndinachita zimenezi, osaphonya tsiku.

Milamba inanenepa mpaka mitu inkaoneka yaing'ono. Tsiku lina ndinakoka NyaMhone pa dzanja kuti adzasuzumire pa bango.

"Taonani mimbazo, ama! Dziwe lanu lichepa."

Mayi uja analulutira, n'kundigwira m'mapewa ndi manja ake a zipsera, akundithokoza m'Chitonga. "Yewu, mwana wanga, yewu. Mulungu anakutumani kuchokera kutali."

Ada anabwerera kumapeto kwa Novembala atavala magalasi akuda. Madzi akumwa sanalandire n'komwe, analunjika kudambo, ine ndikutsatira m'mbuyo ndi mtima wodikira kuyamikiridwa. Anaima pa ngodya yothirira chakudya nthawi yaitali. Pamadzi panali kamafuta konyezimira ngati utawaleza. Anaviika chala, n'kununkhiza.

"Madzi asintha."

"Ndi kutenthaku, Ada."

"Kapena," anatero, n'kumanga chitseko ndi waya.

Ndowa ija sindinabwerenso nayo.

Mvula yamphamvu itagwa, Ada anaisiya milamba ija ndi njala masiku awiri monga mwa nthawi zonse, n'kuphwetsa madzi mpaka m'maondo. Gulu lonse linabwera kudzaonerera, ena atanyamula kale zidebe ngati mbewu ituluka tsiku lomwelo. Ada analowa m'matope ndi jombo zawo, n'kutukula NyaNdevu. Anthu anaomba m'manja ataona kukula kwake. Nsomba yokhwima mazira imakhala ndi mimba yofewa, ukaisisita ndi chala chachikulu timatuluka timazira tobiriwira tonga njere za mpiru. Ada anasisita. Anasisitanso. Mimba inali gwa, osatuluka kanthu. Anagwira wachiwiri, wachitatu, mpaka yonse isanu ndi itatu. Ndinawaona akuwerama, kutola kanthu m'matope, kukapukuta pa buluku n'kukaika m'thumba. Ndinayesa ndi nkhono.

Anayesabe. Anasankha inayi yofewerako, kuiika m'kadziwe koswera komwe anayalamo udzu, n'kutsegula ngalande kuti madzi atsopano akwere pa udzuwo monga amachitira m'dambo mvula ikagwa. M'mawa mwake pa udzu panali timazira towerengeka, toyera, ndipo pofika tsiku lachiwiri tinali titachita nkhungu. Anadikira mvula ina, anayesanso. Chimodzimodzi.

Mu Januwale a Kamanga anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi dziwe. Ine ndinakhala pamkeka ndi amayi anzanga, mimba ili pakhosi. A Kamanga anati anthu atopa ndi mawu, akufuna kuona ndi maso, nsomba imodzi ing'ambidwe. Anasankha yaikulu. Ada anapempha kuti atenge ina, koma a Kamanga anali atagwira kale mpeni. NyaNdevu anamung'ambira pa tsamba la nthochi. M'mimba munali mafuta achikasu okhaokha ngati a nkhuku ya Khirisimasi, mazira ake timatumba tiwiri tofwapa tobisala kumsana.

"Ehe! Mwaona?" anatero a Kamanga. "Ife tikusonkha soya wa mazira, akuluakulu akunenepetsa nyama. Imeneyi ndi nsomba yokagulitsa kwa azungu. Ndipo njira ya ku loji ilipo kale pakhomo pawo, si uyo mkamwana wawo?"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinkadziwa kuti ndikangoti ndine, nkhani yatha. Ndinkadziwanso kuti ndine wobwera, mwamuna wanga ali ku Joni, ndipo dzina limene andipatse tsiku limenelo ndidzafa nalo. Ndinayang'ana mkeka.

Ada anavula magalasi awo, n'kuimirira.

"A Kamanga, mkamwana wanga mumuchotse m'kamwa mwanu. Anachita zimene ndinamuuza. Muyeso ndinalakwitsa ndine ndisanapite, maso anali atafa kale. Nsomba sindinagulitse, werengani, zonse zilimo. Koma mbewu chaka chino kulibe, ndipo mlandu ndi wanga."

"Ndiye zaka zonsezi mumatinamiza kuti mumadziwa?"

"Ndakalamba, a Kamanga. Lembani choncho."

NyaMhone sanalalate ngati ena. Anangofunsa chapansipansi kuti, "Nanga dziwe langa, Ada, ndithiremo chiyani?" Ine ndinali naye pafupi moti mapewa athu ankagundana.

Anagwirizana zogawana makolo m'malo mwa soya wawo. Ada anachonderera kuti awasiyire atatu okha, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi. Otsalawo anadyedwa sabata yomweyo, ndipo anthu ankati ndi onona kwabasi. Maiwe asanu ndi anayi anadzaza madzi a mvula, n'kukhala a achule enieni ndi udzudzu. Mgonero uja unachitika patangopita milungu itatu. Munthu amene sanadyepo kanthu ka mwini anali atanama pamaso pa anthu, ndipo sanafune kupita nalo bodzalo ku gome la Ambuye. Bodza lake linali langa.

Kuyambira pamenepo moni wa pamsewu unasintha. Za achule zija zinali nthabwala za anthu okondana. Tsopano ankati, "Ada, maso ali bwanji? Chitini mukuchiona?" Iwo ankayankha kuti akuchiona bwino, yewu, n'kumapita. Chaka chonse anachitha akuwondetsa milamba itatu ija pang'onopang'ono, osati ndi njala, koma ndi usipa ndi chiswe, gaga atachotseratu. Mvula yotsatira inaswa. Udzu unadzaza mazira, ndipo patapita masabata kadziwe kanada bii ndi tiana. Chidebe choyamba ananyamula okha pamutu kupita nacho kwa NyaMhone. Anapeza mayi uja atalikwirira dziwe lake, atabzalapo nzimbe.

"Ada, mphamvu zokumbanso ndilibe," anatero mayi uja.

Anabwerera nacho chidebe chawo. Gulu silinadzukenso. Mbewu ankagula ndi anthu a kutali, a ku Mpamba ndi a ku Tukombo, koma a pamudzi pano ayi.

Mwana amene ndinali naye m'mimba uja anabadwa bwino, ndipo dzina anamutcha ndi Ada, atamunyamula ndi manja onunkha usipa. Sanasinthe nane ngakhale pang'ono. Mango oyamba kupsa ankatumiza kwanga. Maondo awo atayamba kukana, anandiitaniranso kudambo, kuika chitini pansi, n'kubwerera m'mbuyo ngati poyamba paja. Ndinalira. Iwo anayang'ana kumbali, ati kamphepo kabwera ndi fumbi.

Katatu konse ndinayesa kuulula. Ulendo umene ndinafika patali ndi uwu: iwo ali pamwala, ine ndikutapa chakudya.

"Ada, chaka chija munapita ku Mzuzu..."

"Salazani chitini, NyaPhiri. Chasefukira."

Ndinasalaza. Iwo anayamba nyimbo yawo, ine n'kumeza mawu anga, ndipo kunena zoona mumtima ndinapepukidwa. Ndinkadziuza kuti sakudziwa, ndiye ndiwapwetekerenji munthu wokalamba.

Anamwalira mu Juni, chifuwa, dzuwa lili pamutu. Mawu omaliza amene anandiuza ine anali ofunsa ngati ndayamba kuthira theka, popeza madzi azizira. Tsiku logawa zovala, NyaManda anandiitanira kuchipinda n'kutseka chitseko. Anatsegula kabokosi kamene Ada ankasungiramo Baibulo ndi magalasi, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kansalu. Inali supuni ya tiyi, yaing'ono, yokhala ndi chizindikiro cha loji yathu pa chogwirira.

"Anaitola m'matope tsiku lophwetsa dziwe lija," anatero. "Anandionetsa tsiku lomwelo. Ati ndikadzangotsegula pakamwa, iwo abwerera ku Zambia."

"Ama, ndiye inunso mumadziwa?"

"Mwana wanga, supuni siyenda yokha kuchoka kunyanja kukwera kudambo. Ine ndinkafuna ndikukalipireni mpaka mumve. Iwo anati munthu wodyetsa wanjala sakalipiridwa, amangophunzitsidwa muyeso. Anatinso iwo anthu adzawaseka n'kutopa, koma inu akanakusekani mpaka kukuthamangitsani."

Ndinagwada pansi pomwepo, ndipo NyaManda anandisiya ndilire mpaka nditamaliza. Koma onani kuuma mtima kwanga: ngakhale supuni ili m'manja, ndinakhalanso chete chaka china chathunthu. Chinandidzutsa ndi chifuwa cha a Kamanga pa chiliza paja.

Lamulungu titaweruka ndinapita kwa NyaMhone. Ndinamupeza akusenda chinangwa choti akaviike. Wakalamba tsopano, adzukulu aja anabalalika, wamkulu analekeza sukulu chaka chomwe chija. Ndinagwada n'kunena zonse, ndowa, mpunga, supuni, mkeka umene tinakhalira limodzi. Anamvetsera mpeni uli m'manja. Ndinkayembekeza kuti mwina anditukwana, mwina andikumbatira.

"Ndiye munadikira kuti afe?" anatero. "Ine ndakhala zaka zonsezi osawapatsa moni wabwino bambo aja. Pamaliro pawo sindinaimbe. Zimenezo ndikabweza kwa yani?"

Anapitiriza kusenda. Ndikutsanzika anandiuza kuti ndikanenenso kwa a Kamanga ndi kwa onse amene anali pansi pa mango paja, osati kwa iye yekha. N'chifukwa chake ndalemba izi. Ndapempha alamu anga kuti aziphatikize ku mbiri ija anawerenga, ndipo Lachinayi ndikaziwerenga ndekha pamaso pa amayi anzanga a mapemphero. Ada Longwe sanalakwitse muyeso. Ankadziwa ntchito yawo kuposa wina aliyense amene ndinamuonapo, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti anandipatsa bambo wotere kudziko la eni, ngakhale sindinali woyenera.

Makolo alipobe, adzukulu a atatu aja. Ndimapita m'mawa, ndimapitanso dzuwa likapendeka. Bango la mpanda layamba kugwa mbali ya kumtsinje, ndipo waya wa pachitseko wachita dzimbiri. Pa mtengo wogogoda paja pali chibowo chosalala chimene ndodo yawo inasiya, ndipo supuni ija ndinaimangirira pomwepo ndi ulusi kuti ndiziyiona ndisanatape chakudya. Jombo zawo zili chipachikire pa nthambi ya mango, mavu amangamo. Mwala wawo uli pamalo pake. Kutsogolo kwake kuli timaenje tiwiri m'dothi, pamene zidendene zawo zinkaponda zaka zonse zija, ndipo mvula ikagwa timadzaza madzi. Udzu wayamba kulowamo, ndimauzula. Pamwalapo sindikhala. Ndimagwada chapatali pamalo anga akale, kusalaza chitini ndi chala, kuthira, n'kudikira. Milamba ikamaliza imayandama n'kumandiyang'ana, kukamwa kuli yasa, ndipo kuchokera pamwala paja sipamveka nyimbo yondiuza ngati ndathira zokwana.